Mwala wa bambo tinaupala, sitinauswe

"Mudzauswe ine nditapita."

Amayi ananena zimenezi ali pamkeka pakhonde, osakweza mawu, maso ali pa nyemba zimene ankasankha m'lichero. Tinali titangowafotokozera kuti bafa lawo likufunika kukonza, ndipo amisiri awiri amene anabwera kudzaliona ananena chimodzimodzi: mwala wonse wa pansi ndi wa m'makoma uswedwe, tiyambirenso. Kwa amisiriwo inali ntchito ya masiku onse. Kwa amayi, mwalawo anauyala ndi malemu bambo ndi manja awo, ndipo panalibenso zokambirana.

Ine ndinatsala pakati. Uku amayi, amene miyendo yayamba kuwavuta ndipo anali ataterereka kale m'bafamo mpaka kutupa chiuno. Uku achimwene anga a ku Johannesburg, amene ankatumiza ndalama ndipo ankafuna kuona zithunzi za ntchito ikuyenda. Bafalo linatha, amayi akusambamo bwinobwino mpaka lero. Chimene chimandibwererabe m'mutu ndi masiku amene munthu anagwira ntchito m'nyumba mwathu popanda choti ndingajambule n'kutumiza ku Joni, ndi mmene tinatsala pang'ono kumuchotsa ntchito chifukwa cha masiku omwewo.

## Mwala wa ziliza m'bafa

Bambo sanali munthu wa ndalama zogulira granite. Anali ndi mnzawo wosema ziliza, ndipo zidutswa zotsala, zimene sizikanakwana pamanda a munthu, ankawagulitsa motchipa. Bambo anazisonkhanitsa pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba yathu ku Chiputula, mumzinda wa Mzuzu. Zina zinali zakuda bii, za mtundu uja ogulitsa ziliza amaitanitsa ku Zimbabwe, zina zotuwa zamangamanga. Anaziyala pansi ponse m'bafa, n'kukweza zina m'makoma mpaka kulekeza m'chiuno. Alendo akabwera ankachita kupempha kuti akaone bafa. Ndipo amayi, Loweruka lililonse kwa zaka zonsezi, ankagwada n'kupaka polishi mpaka mwalawo uli waliwali.

Mwala wopolishidwa ukakumana ndi sopo ndi madzi, nonse mukudziwa chimene chimachitika. Tili ana tinkaterereka n'kuseka. Munthu wa zaka zoposa 70 akagwa palibe choseketsa. Komanso mu Juni ndi Julayi, kuno kukazizira mmene kumazizirira muja, ukaponda mwalawo m'mawa kuzizira kunkakwera mpaka m'mafupa. Amayi anayamba kudumphitsa masiku osasamba, kumangodzipukuta ndi kansalu kuchipinda. Sanatiuze. Ndinazindikira poona kuti ndowa yawo ikumakhala youma.

Kuseri kwa khoma, kuchipinda kwawo, kunalinso nkhani ina. Penti ankafufuma n'kumakanganuka, pulasitala wa m'munsi ankayoyoka ukangomukhudza, ndipo kabati ya zovala inkanunkha chuku. Tinkati ndi nyengo. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, mvula imapitirira mamilimita 1,200 pachaka, ndipo imagwa mpaka Epulo ndi Meyi pamene anzathu a ku Lilongwe ayamba kale kukolola, ndiye chinyezi m'nyumba tinachizolowera. Chikagwa chimvula chonga cha mu Epulo 2016 chija, chimene chinagwetsa nyumba zambiri mumzinda muno, timathamangira kuyang'ana denga ndi maziko. Bafa sitiliganizira. Koma khoma la amayi linkanyowa ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Mwala wa granite pawokha sumwa madzi kwenikweni. Wabwino madzi amene umamwa safika n'komwe theka la peresenti ya kulemera kwake. Madzi ankadutsa m'mizere ya simenti ya pakati pa zidutswazo, imene inali itang'aluka, ndi pakona pamene pansi pakumana ndi khoma. Mabafa a matailosi amene tikumanga masiku ano ali ndi vuto lomweli. Matailosi ndi grout, simenti ija ya m'mizere ya pakati pa matailosi, sizitseka madzi, zimangowachedwetsa.

## Mabolodi a ku Joni

Achimwene amagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo ndi iwo anabwera ndi nzeru yopulumutsa mwalawo. Anati kumene akugwirako, m'mabafa amayamba amata mabolodi a foam osalowa madzi, matailosi n'kubwera pamwamba. "Timate pamwamba pa mwala wa bambowo, osauswa," anatero pafoni. Amayi anavomera monyinyirika. Mabolodiwo anabwera ndi anyamata aja amanyamula katundu kuchokera ku Joni kubwera naye ku Mzimba ndi kuno, atamangidwa pamodzi ndi matumba a guluu wa matailosi, chigubu cha primer (mankhwala opaka poyamba kuti guluu agwire bwino) ndi mpukutu wa tepi yotsekera m'malumikiziro.

Nditanyamula bolodi limodzi ndinakayika. Linali lalitali kupitirira mita, m'lifupi masentimita 60, kukhuthala kwake sentimita imodzi, koma mwana wa sitandade 3 akhoza kulinyamula ndi dzanja limodzi. M'kati mwake muli polystyrene, wa mtundu umodzi ndi zoyera zija zimabwera m'katoni ya wailesi ya kanema, koma wolimba kwambiri ndiponso wa timabowo totsekeka, moti madzi alibe podutsira. Kunja konse kuwiri kuli ukonde wa ulusi wa galasi wokutidwa ndi kasimenti kopyapyala, kuti guluu apeze pogwira. Makampani odziwika ndi mabolodi a m'bafa, monga Wedi ndi Schlüter, ndi a ku Germany. Mabolodiwa amadulidwa ndi mpeni wamba, saola, satupa akanyowa, ndipo amatchinga kuzizira kochokera pansi.

Mmisiri woyamba amene ndinamuonetsa anati n'zophweka: agula guluu wa nsapato uja, apaka, amata, tsiku limodzi ntchito yatha. Mwamwayi anayamba wayesa pa kachidutswa. Guluuyo atangokhudza m'mphepete mmene foam ali poyera, foam anayamba kusungunuka ife tikuona, n'kusiya dzenje lomata. Guluu aliyense wokhala ndi thinner amadya polystyrene, petulo nayenso chimodzimodzi. Bamboyo anali woona mtima. Anati ntchitoyi sakuidziwa, n'kunditchulira mnzake wina amene anaphunzira pa Mzuzu Technical College ndipo anagwirako ntchito m'malo ogona alendo a kunyanja, ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche.

## Amisiri amene anabwera opanda trowel

Anafika pa njinga ya kabaza, imene kuno timati sacramento, bambo amfupi, a imvi, atanyamula kachikwama kokha. Anapereka moni kwa amayi m'Chitumbuka, atanjuta, kenaka n'kulowa Chichewa atamva mmene tikuyankhira. M'bafamo mabolodi sanawayang'ane n'komwe. Anatulutsa kahamala n'kuyamba kugogoda chidutswa chilichonse cha mwala ndi mpini wake, khutu lili pansi. Zambiri zinkalira gwa, gwa. Chimodzi, pafupi ndi chibowo chotulukira madzi, chinalira mosonyeza kuti pansi pake pali mphako. Anachilemba ndi choko.

"Ichi chokha ndichinyamula, amama, ndichikhazikenso bwino. Sindichiswa."

Kenaka anapempha ndowa ya madzi, anaikhuthula pakati pa bafa, n'kuima phee kuwayang'ana. Madziwo anayenda onse kulowera kuchibowo, osatsala chithaphwi paliponse. Anatembenukira kwa amayi, amene anali atakhala pampando pakhomo. "Adada amene anayala mwala uwu ankadziwa levulo. Pa mita iliyonse anatsitsa masentimita pafupifupi 2, momwe zimafunikira. Ine pamenepa sindisintha kanthu, ndingowatsatira." Ndinaona nkhope ya amayi ikumasuka koyamba chiyambireni nkhaniyi.

Pomaliza anapukuta malo amodzi n'kudonthezapo madzi ndi chala. Dontholo linakhala lozungulira, lotumphuka, osafalikira. Anakanda pambali pake, n'kundionetsa phula lakuda limene linatsalira m'chikhadabo.

"Achemwali, pamwamba pa mwala uwu pali polishi wa zaka zambiri, pali sopo, pali mafuta a m'thupi. Ndikamata lero ndimata pa phula, osati pa mwala. Ndipo ngakhale phulalo litachoka, mwalawu anausalaza ndi makina mpaka see. Simenti ili ngati mizu ya udzu, ikamalimba imalowa m'timing'alu n'kugwira. Nanga pa galasi mizu igwira chiyani?"

Anati afunika kupala mwalawo ndi grinder mpaka kuwala konse kuthe. Amayi anadzuka osanena kanthu n'kupita kukhitchini.

Usiku umenewo achimwene anaimba. Sanamvetse. Matumba amene anatumiza anali a guluu wamphamvu, wodula, wolembedwa C2, ndipo iwo anaonapo ndi maso awo anthu akumata matailosi pamwamba pa matailosi ena. Anaganiza kuti bambowa akufuna kuchulukitsa masiku kuti adye ndalama. Sindinawadzudzule. Ndalama za ku Joni zimabwera ndi thukuta ndi mantha, ndipo tonse tikudziwa anthu amene anatumiza ndalama zomangira nyumba n'kudzapeza maziko okha. Anandiuza kuti ndipeze wina.

## "Kokani, achemwali"

M'mawa mwake ndinawafotokozera amisiriwo zonse mosabisa. Sanakwiye. Anapempha chimodzi: ndiwalole ayese, ndipo masiku oyesawo tisawalipire.

Anadula tizidutswa titatu ta bolodi, tokwana m'chikhatho, n'kusankha kuseri kwa chitseko, malo amene saoneka. Koyamba anakamata pa mwala momwe unalili, ndi guluu yemwe uja wa achimwene. Pa kachiwiri anayamba atsuka malowo ndi sopo wa ufa ndi madzi otentha, ataumapo n'kumata. Pa kachitatu anapala kamalo ndi grinder mpaka panatuwa mbuu, anatsuka, anapaka primer, primer atauma n'kumata. Kachidutswa kalikonse anakasanjika njerwa, n'kutiuza kuti pasapite madzi. Masiku amenewo amayi ankasamba kubafa la panja.

Tsiku lobwerera anandiuza kuti ndiwaimbire achimwene pa WhatsApp, pa vidiyo. Mwana wa mchemwali wanga ndiye anagwira foni. Amayi anabwera okha ndi mpando wawo, osaitanidwa.

"Kokani, achemwali. Inuyo, osati ine, angamati ndachita matsenga."

Ndinagwada n'kulowetsa zala m'mphepete mwa koyambako. Mphamvu sindinagwiritse n'komwe. Kanangoti kanganu, n'kunditsalira m'manja, guluu yense ali kumsana kwa bolodi, wouma gwa, mizere ya trowel ikuoneka bwinobwino. Pa mwalapo panalibe ndi kadontho komwe. Unkawala momwe anausiyira amayi Loweruka lapitalo. Guluuyo anali wabwino ndithu ndipo anauma mwamphamvu, koma anaumira pa phula.

Kachiwiri kanalimbako. Ndinakoka ndi manja onse, kenaka amisiri anandipatsa screwdriver yoti ndikanganulire. Kanachoka, n'kusiya timadontho ta guluu apa ndi apo. "Aka n'koopsa kuposa koyamba kaja," anatero, atayang'ana kufoni. "Kotere kamakunamizani. Chaka choyamba zonse zili bwino. Madzi otentha m'mawa, kuzizira usiku, mwala ndi bolodi chilichonse chikufutukuka ndi kukhwinyata mwachokhachokha. Tsiku lina amama adzaponda n'kumva pansi pakusuntha, grout wang'aluka, ine mutandilipira kalekale."

Kachitatu kanakana. Ndinakoka mpaka zikhadabo kupweteka. Ndinalowetsa screwdriver n'kutsamira ndi thupi lonse, ndipo amene anagonja ndi foam: anang'ambika pakati, theka n'kutsala pa mwala, ukonde wake ndi simenti yake zili nganganga. Chotsalacho anachita kuchichotsa ndi tchizulo.

Pafoni panali zii. Kenaka achimwene anangoti, "Bambo, pepani. Chitani mmene mukudziwira."

Koma chilolezo chenicheni sichinali kwa achimwene. Tonse tinatembenukira kwa amayi. Iwo ankayang'ana kamalo kopalidwa kaja, kotuwa, kokhakhala, pakati pa mwala wonyezimira umene anaugwadira zaka zonsezi. Anawerama n'kupasisita ndi chala. Anafunsa ngati kupalako sikuutha mwalawo. Amisiri anati ayi, chimachoka ndi khungu lokha, losakwana ngakhale milimita imodzi. Mwala wonse ukhala pomwepo, ndipo ndi umene unyamule zonse zimene ziikidwe pamwamba.

"Ndiye kuti ndizipondabe pa ntchito ya bambo awo," anatero amayi. "Palani. Koma wa m'khoma la kuzenera musaukhudze, kumeneko madzi safikako."

Wa kuzenerawo ulipo mpaka pano, ndipo amaupakabe polishi.

## Fumbi ndi kudikira

Kupala kunatenga nthawi kuposa china chilichonse. Granite ndi wolimba kuposa mpeni wachitsulo, moti sandpaper wamba amatha msanga osapita patali. Amisiri anamanga pa grinder chimbale cha diamondi. Anatseka chitseko, kutsegula zenera, n'kuvala masiki yeniyeni ya mafyuluta, osati kansalu kaja tinkavala nthawi ya Covid. Mnyamata wawo ankanyowetsa mwala ndi chinkhupule kuti fumbi lisauluke, akusamala kuti madzi asafike ku waya. Nditawafunsa chifukwa chake akudzivutitsa choncho, anandikumbutsa za madala athu amene anapita ku migodi ndi Wenela n'kubwerako ndi chifuwa chosatha. Fumbi lake ndi lomwelo, la silica, limene lili lambiri mu granite, ndipo likalowa m'mapapo silitulukanso. Chiyambire tsiku limenelo, ndikadutsa pamene anyamata akusema ziliza m'mbali mwa msewu, nkhope zili mbuu, opanda chotchinga pamphuno, mtima umandiwawa.

Chidutswa cha mphako chija atachinyamula, pansi pake panali mchenga wonyowa, wonunkha, ndipo njira imene madzi ankadzera kupita kukhoma la kuchipinda inaonekera poyera. Anachotsa zonyowazo, kusiya paume, n'kuchikhazikanso ndi simenti yatsopano. Anatsuka bafa lonse kuchotsa fumbi, n'kubwereza kudontheza madzi malo osiyanasiyana. Tsopano dontho linkafalikira n'kudetsa mwala. Pamene linatumphukabe, anapalanso.

Atapaka primer, kumata kwenikweniko kunayenda msanga. Ankasakaniza guluu pang'onopang'ono, chifukwa ukamupaka n'kumusiya pamphepo kwa mphindi pafupifupi 20 amachita khungu ndipo sagwiranso. Ankamupaka ndi trowel ya mano, mizere yonse kuloza mbali imodzi kuti mpweya upeze potulukira, n'kuyala bolodi, kulisuntha pang'ono mopingasa mizereyo, ndi kulipsinja ndi thabwa. Njira ija timaiona kawirikawiri, yoika mibulu ya guluu m'makona ndi pakati n'kumata, anaikaniratu. Bolodi la sentimita imodzi palokha lilibe mphamvu. Limadalira mwala umene lagonapo, ndiye malo alionse opanda guluu ndi pamene mwendo wa mpando wosambira udzaboole. Bolodi loyamba atalimata analinyamulanso, kuti aone kumsana kwake ngati guluu wafika ponseponse.

Pa khoma la matabwa, mabolodi otere amawamanga ndi masikuluwu ndi mawashala. Pa granite anasiya guluu yekha kuti agwire, choncho a m'khoma anawachirikiza ndi matabwa, a pansi n'kuwasanjika njerwa. Ndiye kunabwera kudikira. Guluu wa C2 ali ndi simenti komanso mankhwala a polymer amene amalimba madzi akachoka. Pamenepa anali atapanikizika pakati pa zinthu ziwiri zosamwa madzi, mwala pansi, foam pamwamba, m'nyengo yozizira, m'bafa la kazenera kamodzi. Chinyezi chinalibe kothawira koma m'mphepete mokha. Pathumba panalembedwa maola 24. Amisiri anadikira kupitirira apo kwambiri, ndipo anati akanakhala ogula ndi iwo, akanasankha guluu wa chilembo F, wolimba msanga, amene amayenera malo otere.

Bolodi sililowa madzi, koma pamene mabolodi awiri akumana pamalowa. M'malumikiziro monse, m'makona, ndi mozungulira mapaipi anamata tepi ija, ikugwira masentimita osachepera 5 mbali iliyonse. Pa chibowo chotulukira madzi m'pamene anakhalitsa, poti pansi panali patakwera ndipo paipi inafunika kuikweza ndi kuilumikiza ku bolodi, madzi asapeze mpata wolowera kunsi kwake. Atamaliza anatseka chibowocho, anatchinga pakhomo, anadzaza madzi kulekeza m'akakolo, analemba mzere ndi pensulo, n'kupita kwawo. Patapita maola 24 madzi anali pamzere pomwepo.

Apa m'pamene anatsegula katoni ya matailosi. Tinasankha ang'onoang'ono a masentimita 10, okhakhala, chifukwa mizere yambiri ya grout imathandiza phazi kugwira. Chitsulo choti amayi azigwirira anachibowolera mpaka ku njerwa, kudutsa foam ndi mwala womwe, poti foam sangasunge sikuluwu yonyamula munthu, ndipo mabowowo anawatseka bwinobwino. Pansi panakwera ndi masentimita pafupifupi 3, ndiye chitseko anachidula m'munsi, pakhomo n'kupanga kotsetsereka kuti amayi asamapunthwe.

## Timalipira zimene maso aona

Kuno mmisiri wa matailosi timamulipira pa sikweya mita. Timayeza bafa, kuchulukitsa, kunenerera, basi. Pa kawerengedwe kameneka kugogoda mwala n'kwaulere, kupala n'kwaulere, kudikira kuti guluu alimbe n'kwaulere, ndipo tsiku lodzaza madzi n'kumawayang'ana ndi tsiku limene kunyumba kwake sikulowa kanthu. Ndiye tikamadandaula kuti amisiri a masiku ano ndi achinyengo, matailosi akulira mphako chaka chisanathe, tizidzifunsanso kuti anawaphunzitsa kuthamanga ndani. Munthu akudziwa kuti alandira zofanana, kaya wakonza pansi kaya sanakonze, ndipo akakonza timunena kuti akuchedwetsa dala. Tikumukankhira tokha kumene sitikufuna.

Sindikuti aulesi ndi akuba kulibe. Alipo, ndipo achimwene sanalakwe kukhala tcheru. Koma m'bafa la amayi ndinaona kuti ntchito imene ikuteteza khoma, kabati ya zovala ndi chiuno cha mayi wokalamba ndi imene inakwiririka yonse, ndipo pa kotesheni yoyamba ya amisiriwo sinalembedwe paliponse. Anali ataiphatikiza mwakachetechete mu mtengo wa sikweya mita, n'chifukwa chake mtengo wawo unkaoneka wokwera kuposa wa anzawo. Zimandipweteka kuti munthu wodziwa ntchito chonchi anazolowera kuibisa, poopa kuti ikaonekera tiikana.

Masiku oyesa aja tinawalipira ngakhale anati tisatero. Achimwene ndi amene anaumirira. Ndipo madzulo a tsiku lomaliza, tikumwa tiyi pakhonde, ndinatenga kope n'kuwapempha kuti tilembe limodzi kotesheni ya mtundu wina yoti azionetsa anthu: mzere wa kuyendera ndi kuyesa pansi, wa kupala ndi kutsuka, wa kutseka madzi, wa tsiku loyesa ndi madzi, ndipo wa matailosi ukhale pomaliza. Uliwonse ndi mtengo wake ndi masiku ake. Anaseka, anati anthu sawerenga mapepala a mmisiri, amangoyang'ana nambala ya pansi. Komabe anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya.

## Amene alibe m'bale ku Joni

Anzanga amene anamva nkhaniyi akhala akufunsa kumene angagule mabolodiwa. M'mashopu a hardware amene ndinayendamo kuno sindinawaone, ndipo kuwaitanitsa kunja si kotchipa. Koma bolodi si mwini nkhani. Pali mankhwala opaka ndi bulashi, otseka madzi pansi pa matailosi, amene amagwira ntchito bwino akapakidwa kawiri ndiponso m'makona mukaikidwa tepi. Chimene sangakuchitireni n'kutchinga kuzizira, chomwe amayi ankachidandaula kwambiri. Tsopano akathira madzi ofunda matailosi amafunda nthawi yomweyo, chifukwa kutenthako sikumezedwanso ndi mwala wa pansi. Koma kaya ndi bolodi kaya mankhwala opaka, pa granite, pa matailosi akale, kapena pa simenti yofiira yopolishidwa ija ya m'nyumba zathu zambiri, zoyambira n'zomwe zija. Gogodani, donthezani madzi, palani, ndipo matani kachidutswa kamodzi mudzakakoke nokha musanatsegule thumba lachiwiri.

Khoma la kuchipinda silinaume msanga. Amisiri anatiletsa kulipenta nthawi yomweyo. Anagumula pulasitala wovunda n'kusiya njerwa poyera mpaka kutentha kwa Okutobala kutadutsa, apo ayi tikanatsekera chinyezi m'kati. Dzinja lonse lotsatira linadutsa khomalo lili louma.

Mwezi watha ndinakumana nawo ku Luwinga atanyamula thumba la guluu pa njinga, ndipo ndinawafunsa za pepala lija. Anati akuligwiritsa ntchito, mwana wawo analitayipa pa kompyuta. Ena akaliona amafunsa mafunso n'kuvomera. Ena amatenga cholembera, kukhwatcha mizere ya pamwambayo, n'kunena kuti angoyambira pa matailosi. Kale ntchito zotere ankangozilandira, poti panalibe poonetsera chimene chachotsedwa. Tsopano mwini nyumba akakhwatcha ndi dzanja lake, amamupempha kuti asayine pambali pa zokhwatchazo, ndipo ambiri akafika pamenepo amabweza cholembera n'kufunsa kuti kuyesa ndi madzi kuja kumatenga masiku angati.